Momwe Acherokee Anachotsedwera pa Nthaka Yawo

Mapu a America a zaka za m'ma 1800 amaonetsa dziko likungokula kulowera kumadzulo, ngati kuti kumeneko kunali tchire lopanda mwini. Eni ake analipo. Mtundu umodzi, wa Acherokee, unkakhala m'zigawo za Georgia, Tennessee, Alabama ndi North Carolina.

Azungu ankawanena kuti ndi anthu osatukuka, koma zochita zawo zinkatsutsa. Mu 1821 Sequoyah, munthu amene sanapondeko m'kalasi, anamaliza kupanga zilembo zoposa 80 za chiyankhulo chawo. Mu 1827 Acherokee analemba malamulo oyendetsera dziko lawo, ndipo chaka chotsatira nyuzipepala yawo, Cherokee Phoenix, inayamba kutuluka ku New Echota, likulu lawo, m'Chicherokee ndi m'Chingerezi. Olemera ena anali ndi minda ikuluikulu, ngakhalenso akapolo akuda; zimenezi sitingazibise.

Chimene chinawaika m'mavuto ndi nthaka yachonde ija, komanso golide amene anakokera anthu miyandamiyanda ku Dahlonega, m'chigawo cha Georgia, kuyambira 1829. Mu 1830 Pulezidenti Andrew Jackson anasainira lamulo losamutsira mitundu ya eni nthaka kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi. Nkhani inafika kukhoti lalikulu, ndipo mu 1832 woweruza wamkulu John Marshall anagamula kuti malamulo a Georgia alibe mphamvu m'dziko la Acherokee. Chigamulo chinangokhala papepala. Chaka chomwecho Georgia inali kalikiliki kugawa minda yawo kwa azungu pochita maere.

Apa ndi pamene pamandiwawa. Mu Disembala 1835 kagulu kochepa ka Acherokee, kotsogozedwa ndi Major Ridge, mwana wake John Ridge ndi Elias Boudinot, kanasainira pangano la New Echota, logulitsa dziko lonse pa madola 5 miliyoni. Iwo ankati kukana n'kudziphetsa chabe. Mu 1836 nyumba ya malamulo ya Senate inavomereza panganolo ndi voti imodzi yokha pamwamba pa ofunikira, ndipo mayina oposa 15,000 a olikana, amene mfumu yaikulu ya Acherokee John Ross inatumiza ku Washington, sanasinthe kanthu.

Mu Meyi 1838 asilikali a America pafupifupi 7,000, otsogozedwa ndi Winfield Scott, anayamba kutulutsa mabanja m'nyumba ndi m'minda, n'kuwatsekera m'misasa momwe kamwazi ndi chikuku zinapululutsa ana ndi nkhalamba. Kenaka unayamba ulendo wa makilomita oposa 1,500 wopita kumene lero kuli Oklahoma, ambiri akuyenda pansi m'nyengo yozizira koopsa. Kummwera kwa Illinois magulu ena anakhala masabata ambiri akudikira, chifukwa Mississippi anadzaza zibuma za madzi oundana, osaoloka. Mwa anthu pafupifupi 16,000, akuti 4,000 anafa, kuphatikizapo Quatie, mkazi wa Ross. Ulendowu umatchedwa Njira ya Misozi.

Atafika, mkwiyo sunathe. Lamulo la Acherokee linkati wogulitsa nthaka ya mtundu popanda chilolezo aphedwe. Pa 22 Juni 1839, Major Ridge, John Ridge ndi Boudinot anaphedwa tsiku limodzi ndi Acherokee anzawo.