Radegund, Dzina Lakale la Atsikana Limene Limaweruzidwa Molakwika

Mwa mayina a atsikana amene anachokera kwa mitundu yakale ya Chijeremani, Radegund ndi limodzi mwa amene masiku ano samvekanso kawirikawiri, ngakhale ku Germany ndi ku France kumene kale linali lodziwika. Makolo ena amene amafuna dzina losafanana ndi la mwana wa aliyense amalikonda, koma ambiri amalikana pa zifukwa ziwiri. Amati ndi lolemera pakamwa, ndiponso amati tanthauzo lake ndi la nkhondo, choncho silingamuyenere mtsikana. Chifukwa chachiwirichi ndi chimene ndikuona kuti n'cholakwika.

Mayina ambiri a mitundu imeneyi ankapangidwa polumikiza mawu awiri. Mu Radegund muli rad, kutanthauza uphungu, mawu omwenso ali m'dzina la amuna la Konrad, ndiponso muli gund, kutanthauza nkhondo. Mabuku a mayina amangolumikiza awiriwo n'kunena kuti dzinali likutanthauza "uphungu wa pankhondo". Kwa ife amene tinazolowera mayina monga Mavuto kapena Tiyamike, omwe amafotokoza mmene zinthu zinalili pamene mwana ankabadwa, n'zosavuta kuganiza kuti makolo a mtsikanayo ankamulosera moyo wa nkhondo. Koma kawirikawiri mawu awiriwo sankapanga uthenga umodzi. Makolo ankatenga chigawo cha dzina la bambo, la mayi kapena la agogo n'kuchiphatikiza ndi china, kuti womva adziwe kumene mwanayo wachokera. Umboni wake ulipo pakhomo pomwe Radegund Woyera, mayi wotchuka wa dzinali amene ndifotokoze za moyo wake m'munsimu, anakwatiwa. Akazi ena awiri a mwamuna wake, Mfumu Chlothar Woyamba wa Afulanki (mtundu wa Chijeremani umene unkalamulira dera limene lero ndi France), anali apachibale, ndipo mayina awo anali Ingund ndi Aregund. Pambuyo pake mwana wa mfumuyo, Chilperic, anakwatira Fredegund. Chigawo cha gund chinali chofala m'mayina a akazi olemekezeka, ndipo sichinkatanthauza kuti aliyense wa iwo adzanyamula lupanga.

Ndiponso amene amakana Radegund chifukwa cha nkhondo amalandira mayina ena a mtundu womwewo popanda kudandaula. Matilda, amene timamva m'masukulu ndi m'matchalitchi kuno kwathu, amatanthauza mphamvu ndi nkhondo. Hilda ndi nkhondo basi, pamene Gertrude ndi mkondo ndi mphamvu. Kuzolowereka kokha ndi kumene kunawafewetsa.

Chimene chinalemekezetsa dzinali ndi moyo wa mayi mmodzi. Radegund anabadwa cha m'ma 520 m'banja lachifumu la ku Thuringia, m'dera limene lero lili pakati pa dziko la Germany. M'chaka cha 531 Afulanki anagonjetsa ufumuwo, ndipo mtsikanayo anatengedwa ukapolo ali wamng'ono, kenako anakwatiwa ndi Chlothar yemwe anawononga dziko la kwawo. Cha m'ma 550 mfumuyo inaphetsa mlongo wake wa Radegund, ndipo iye anachoka kunyumba yachifumu n'kupita mumzinda wa Noyon, kumene anaumiriza Bishopu Medard kuti amupatule kukhala mtumiki wa mpingo, ngakhale bishopuyo ankaopa mkwiyo wa mfumu. Atatero anakhazikitsa nyumba ya masisitere ku Poitiers, mzinda umene lero uli ku France, kumene ankasambitsa ndi kudyetsa odwala ndi manja ake, osaopa ngakhale akhate, ndipo ankalembera makalata mafumu a Afulanki powachonderera kuti asamamenyane okhaokha. Anamwalira pa 13 Ogasiti 587, ndipo manda ake adakalipo m'tchalitchi cha Sainte-Radegonde mumzinda womwewo. Ine ndimaona kuti kutchula dzina la mayi wotereyu kuti ndi lankhanza n'kusamuchitira chilungamo, pakuti nkhondo inamulanda abale ndi dziko, ndipo iye anatha zaka zake zotsalazo akulimbikitsa mtendere.

Kulemekezedwa kwake kunafika kutali. Jesus College ya ku yunivesite ya Cambridge ku England inakhazikitsidwa m'chaka cha 1496 pamalo pamene panali nyumba ya masisitere yotchedwa dzina lake, ndipo ku Austria kuli mudzi wotchedwa St. Radegund. Komabe monga dzina lopatsa ana linazimiririka pang'onopang'ono, makamaka pamene mayina a m'Baibulo monga Maria, Anna ndi Elisabeth anayamba kufala ku Ulaya kuyambira zaka za m'ma 1200.

Dandaulo la katchulidwe ndi limene lili ndi nzeru, ndipo kholo liyenera kulilingalira mofatsa. Kwa Ajeremani ambiri lero mayina othera ndi gund amamveka achikale kwambiri, ndipo mwana wopatsidwa dzinali adzakhala akulitchula kawiri ndi kulilembera anthu kusukulu, kuchipatala ndi kuofesi. Afalansa analifewetsa kukhala Radegonde, ndipo pakamwa pa wolankhula Chichewa lingatuluke ngati Radegundi, zomwe sizovuta kuposa Gertrude amene tinamuzolowera kale. Kwa banja lachikatolika limene likufuna dzina la ubatizo lokhala ndi woyera wake ndi tsiku lake lomukumbukira, ndingalimbikitse kuti aliike ngati dzina lachiwiri, kuti mwanayo akadzakula adzasankhe yekha ngati akufuna kuti anthu azimuitana nalo.