Mwana wonenepa kwambiri: cholinga chikhale chochita, osati makilogalamu

Makolo akabwera ndi mwana wonenepa kwambiri, ndimayamba ndi kuwafunsa chimene akufuna. Ambiri amati, "Achepeko thupi basi." Ndimawamvetsa, koma limeneli ndi khumbo chabe, silimuuza munthu chochita akadzuka mawa.

Ndiye ndimafunsanso kuti mwanayo amamwa zakumwa zotsekemera kangati pa sabata. Akati tsiku lililonse, poyambira papezeka. Kachitini kamodzi ka mamililita 330 nthawi zambiri kamakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 8 kapena 9. Tikagwirizana kuti sabata ino amwe masiku atatu okha, enawo azimwa madzi, chimenecho ndiye cholinga. Chimawerengeka, chili ndi nthawi yake, ndipo sabata ikatha aliyense m'nyumbamo adziwa ngati chatheka.

Za sikelo ndimaziika pambali dala. Mwana akadali kukula, ndipo kwa ana aang'ono ambiri n'zokwanira kuti kulemera kusathamange pamene msinkhu ukukwera. Komanso nambala ya pa sikelo mwana sangailamulire. Mukamamuyeza m'mawa uliwonse amangophunzira kuchita manyazi ndi thupi lake, ena mpaka amayamba kudya mobisa kapena kudzimana chakudya. Izi zimandiwawa mtima kuposa kunenepako.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 60 pa tsiku. Koma mwana amene amapuma wefuwefu akangothamanga pang'ono musamuyambitsire pamenepo. Mphindi 15, masiku anayi pa sabata, ndipo masewerawo asankhe yekha, kaya mpira, chingwe kapena kuvina.

Chovuta kwenikweni ndi ife akuluakulu. Mwana sagula chakudya cha m'nyumba, saphikanso. Mu 1990 wofufuza wina, Leonard Epstein, ndi anzake ku America anatulutsa zotsatira za ana onenepa kwambiri amene anawatsatira kwa zaka 10, ndipo amene ankathandizidwa limodzi ndi makolo awo ndiwo anachita bwino. N'chifukwa chake kholo nalo ndimalipatsa cholinga chake. Bambo sangamwe chotsekemera patebulo pomwe mwana wapatsidwa madzi, n'kumadabwa kuti mwanayo wakwiya.

Banja lina linapachika kalendala kukhitchini, aliyense ndi cholembera cha mtundu wake. Kamtsikana kawo ka zaka 9 ndiko kanali kapitawo: madzulo kankaima pampando n'kumachonga masiku, a mayi ake akaphonya kankawakumbutsa. Mphotho inali kusankha masewera a Loweruka, osati switi.

Masabata ena zimakanika, mwina kunali alendo kapena matenda. Pamenepo musafune wolakwa. Funsani chimene chinalepheretsa, muchepetse cholingacho, muyesenso. Zimatenga nthawi ndithu: malangizo a 2023 a bungwe la madokotala a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, amati mapulogalamu othandiza kwambiri amakumana ndi banja kwa maola 26 kapena kuposerapo, m'miyezi 3 mpaka 12. Choncho pa ulendo woyamba ndimalola banja kunyamula cholinga chimodzi kapena ziwiri zokha, zina tidzawonjezera akadzabweranso.