Mfuti yabedwa m'galimoto ku South Africa: kodi mwini wake ali ndi mlandu?

Masabata apitawa benchi la pa ofesi yathu yolangiza anthu kuno ku Johannesburg silikuzizira, ndipo ambiri akubwera ndi nkhani yofanana: galasi la galimoto laswedwa pamalo oimika magalimoto, mfuti yapita. Ena ndi eni mfuti, koma ochuluka ndi madalaivala ndi antchito a pakhomo omwe bwana wawaloza chala. Tinene msanga kuti ife si apolisi, sitipereka laisensi, ndipo mayankho awa salowa m'malo mwa loya.

Ndi lamulo liti lomwe likugwira ntchito apa?

Ndi lamulo loyang'anira mfuti lotchedwa Firearms Control Act, nambala 60 la chaka cha 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2004.

Kodi aliyense wokhala kuno angakhale ndi mfuti?

Ayi. Pafunika kukhala nzika kapena kukhala ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno, ndipo kawirikawiri zaka 21 zikhale zitakwana.

Ine ndi amene ndaberedwa. Nanga bwanji apolisi akunditsegulira ine mlandu?

Funso ili limabwera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo tikuumva. Wakuba ndi wakuba, mlandu wake suchepa chifukwa cha kusasamala kwanu. Koma gawo 120, ndime 8, likunena kuti munthu walakwa ngati mfuti yatayika kapena kubedwa chifukwa choti sanaitsekere mu sefa yovomerezeka panthawi yomwe sinali pathupi pake kapena pomwe iye angaiyang'anire. Chilango chingafike zaka zisanu m'ndende.

Tiyerekeze mwaima pasitolo kukagula buledi. Mfuti mwaiika pansi pa mpando kapena m'kabokosi ka kutsogolo kaja, mwakhoma zitseko, mwalowa. Mphindi khumi zokha. Potuluka mukupeza magalasi ali mbwee pansi. Kwa inu galimoto inali yokhoma, koma pamaso pa lamulo galimoto yokhoma si sefa, buti si sefa, ndipo mutangolowa m'sitolomo mfutiyo inachoka m'manja mwanu. Sitikunena kuti aliyense woberedwa adzapezeka wolakwa. Khoti limayang'ana pomwe mfuti inali, pomwe inu munali, ndi zomwe munachita kuti isabedwe. Munthu wolandidwa galimoto atalozedwa mfuti pamutu nkhani yake ndi ina ndithu. Koma wonena kuti "ndinangotuluka pang'ono" asayembekezere kuti mawu amenewo amupulumutsa.

Ndiye kuti mfuti siingasiyidwe m'galimoto ngakhale pang'ono?

Pali masefa opangidwira galimoto, omangiriridwa ku chitsulo cha galimotoyo pamalo osaoneka kuchokera kunja. Musanagule, kafunseni wapolisi woona za mfuti pa siteshoni yanu, amene amamutcha DFO, ndipo sungani mapepala a amene anakuikirani. Ife uphungu wathu ndi woti mfuti ikhale m'chikwama chake m'chiuno, yobisika monga gawo 84 likufunira, kapena itsale mu sefa kunyumba.

Ndikakanena ndidzitsekeretsa ndekha. Si bwino kungokhala chete?

Ayi, chonde musatero. Lamulo likupatsani maola 24 oti mukanene kupolisi, kuchokera pomwe mwadziwa kuti mfuti yasowa. Kusanena ndi mlandu wina pawokha, ndipo chilango chake chingafike zaka 10, kuposa cha kusasamala kuja. Komanso nambala ya mfutiyo ili m'dzina lanu m'kaundula wa mfuti wa boma, Central Firearms Register. Tsiku lomwe idzapezeke pamalo a chiwembu, khomo loyamba kugogodwa ndi lanu.

Kodi mfuti zanga zina adzandilanda?

Zingatheke. Apolisi angakuitaneni kuti aone ngati mukuyenerabe kukhala ndi mfuti, malinga ndi gawo 102, ndipo khoti likakupezani wolakwa gawo 103 limagwira ntchito. Mukaonedwa wosayenera, mumapereka malaisensi, mfuti zonse ndi zipolopolo, ndipo simungapemphenso mpaka patapita zaka zisanu.

Ndine dalaivala. Bwana amasiya mfuti yake m'galimoto yomwe ine ndimayendetsa. Ikabedwa, mlandu ndi wa ndani?

Apa ndi pomwe mtima wathu ukuwawa kwambiri, chifukwa abale athu ambiri amaopa kuyankhula poteteza ntchito. Udindo wosunga mfuti ndi wa mwini laisensi, sangausenzetse inu. Komabe musakhale phee. Ngati bwana watsika, inu n'kupitiriza ulendo mfuti ili momwemo, apolisi akaipeza pa rodibuloko angakuoneni ngati inu ndi amene muli nayo popanda laisensi, mlandu womwe ungafike zaka 15. Kuti "ndi ya abwana" mudzakafotokozera kukhoti, mutagona kale m'chitokosi. Auzeni mwaulemu kuti, "Bwana, tengani mfuti yanu ndisananyamuke." Ikabedwa ndipo akukukayikirani, musasaine pepala lomwe simukulimva, musavomere kudulidwa malipiro pakamwa chabe, pemphani womasulira ndi loya. Legal Aid South Africa imathandiza osowa ndalama pa milandu yotere, ngakhale amayamba aona kaye zomwe mumapeza.

Wakubayo akapha munthu ndi mfuti yanga, ine ndimangidwa ngati wakupha?

Kawirikawiri ayi, wopha ndi amene anawombera. Koma sitingakulonjezeni kuti abale a wovulala sangayese kukusumirani kufuna chipepeso. Zimenezo n'zofunika loya. Ndipo kunena zoona, mfuti yosiyidwa pansi pa mpando ikathera m'manja mwa achifwamba, amene amailipira ndi magazi ndi anthu oyenda pansi usiku kuchokera kuntchito, ambiri a iwo anthu athu omwe.

Apolisi nawonso amataya mfuti. Bwanji akulimbana ndi ife tokha?

Sitikana. Mu 2016 mkulu wina wakale wa apolisi, Christiaan Prinsloo, analamulidwa kukhala m'ndende zaka 18 chifukwa chogulitsa mfuti zoposa 2,000 zomwe zinayenera kuphwanyidwa, ndipo zambiri zinathera kwa magulu a zigawenga ku Cape Town. Dandaulo lanu ndi lomveka. Koma woweruza sadzalilandira ngati chodzitetezera pa mfuti yanu.

Inshuwalansi idzandibwezera?

Werengani pangano lanu. Ngati muli mawu oti mfuti isungidwe motsatira lamulo, angakane kulipira. Ife sitingawakakamize, koma bwerani ndi mapepalawo tiwerengere limodzi.