Pa chiboliboli waima yekha, koma ku Tete sanafike yekha

Mukaona chithunzi cha chiboliboli cha David Livingstone cha ku Edinburgh chija, chomwe anaimika mu 1876, mkuluyu waima yekhayekha, Baibulo m'manja, pambali pake chikopa cha mkango pokumbukira mkango umene unamutafuna mkono ku Mabotsa, ku South Africa, mu 1844. Cha ku Victoria Falls cha 1934 nachonso chimodzimodzi, yekha ndi ndodo yake ngati katundu yense ankasenza yekha pamutu.

Koma kuno ku Tete anafika bwanji? Munali mu Malichi 1856, atatheratu ndi njala ndi ulendo wake wodutsa Africa kuchokera kuzambwe, kumbuyo kwake kuli Amakololo oposa 100 omwe mfumu yawo Sekeletu inamupatsa, ndipo amene anamulandira nkumudyetsa anali komandanti wa Apwitikizi, Tito Sicard. Atapezako mphamvu iye uyo ulendo wa ku Quelimane kukakwera sitima, anthu ake aja kuwasiya pompano ati dikirani ndibwera. Anadikiradi zaka ziwiri ndi miyezi, akudula nkhuni nkumagulitsa, ena kusaka njovu kuti adye, ndipo dzuwa la Tete mukulidziwa inu, si lodikirira munthu. Pomwe amabwerera mu 1858 ndi kasitima kake ka Ma Robert anapeza anthu 30 atapita ndi nthomba. Kasitimako nako kanakagonja pa mathithi a Cahora Bassa, pamene pali damu lero, nchifukwa chake anakhotera ku Shire. Amakololo ena amene ankayenda naye anakakhazikika ku Shire konko mpaka kukhala mafumu, a Kasisi ndi a Chipatula aja.

Chimene chimandinyansa ine nchakuti ngakhale zodutsa Africa kuchokera kuzambwe sanayambe ndi iye ayi. Mu 1811, zaka 45 Livingstone asanaponde kuno, anthu akuda awiri ochita malonda, Pedro João Baptista ndi Amaro José, analowa mu Tete wapansi kuchokera ku Angola, atadzera kwa mfumu Kazembe komwe anawatsekereza zaka. Baptista ankalemba ndithu za ulendowo tsiku ndi tsiku, mitsinje imene awoloka ndi midzi imene agona. Ine ndazungulira mu tawuni muno kuyambira kumsika mpaka pa mlatho wa Samora Machel, chiboliboli cha awiriwa sindinachionepo, ndipo nditafunsa mwana wa mlongo wanga amene ali ku sekondale kuti amawadziwa, anangoti, "Amalume, amenewo ndi osewera mpira?"