Telegalamu ya Zimmermann ndi Chinsinsi cha Akazembe pa Nthambo za Eni Ake

Mu Malichi 2025 akuluakulu a boma la America ankakambirana pa gulu la Signal, pulogalamu yapafoni yotumizirana mauthenga, za mabomba okaponya ku Yemen, osadziwa kuti Mike Waltz, amene panthawiyo anali mlangizi wa pulezidenti pa zachitetezo, anali atalowetsa m'gulumo Jeffrey Goldberg, mkonzi wa magazini ya The Atlantic. Nthawi yonyamukira ndege inafika pafoni ya mtolankhani mabomba asanagwe. Ena anadzudzula foniyo, ena munthu amene anaigwira. Koma nkhawa yake ndi yakale: boma likamatumiza uthenga kudzera njira ya eni ake ena, ndani winanso akuuwerenga? Dziko limene linalipira kwambiri pa funso limeneli ndi Germany, m'chaka cha 1917, pamene Britain inawerenga telegalamu yachinsinsi imene nduna ya Germany, Arthur Zimmermann, inatumiza ku Mexico.

Nthambo za matelegalamu zisanabwere, kazembe ankayendera nzeru zake. Kalata yochokera kwawo inkatenga masabata, ndiye zinthu zikavuta ankaganiza yekha chochita. Kuchedwako kunkapha anthu: pangano lothetsa nkhondo ya Britain ndi America linasainidwa ku Ghent pa 24 Disembala 1814, koma asilikali anaphanabe ku New Orleans pa 8 Januwale 1815 nkhaniyo isanawoloke nyanja. Kuchedwa komweko kunkapulumutsanso. Mu 1861 sitima yankhondo ya America inagwira nthumwi ziwiri za zigawo zakumwera zimene zinagalukira boma la America m'sitima ya Britain yotchedwa Trent, ndipo masabata amene makalata anathera panyanja anapatsa mbali zonse mpata woti mitima ikhale pansi.

Nthambo yodalirika yowoloka Atlantic inayamba kugwira ntchito mu 1866. Inali yodula kwambiri. Chaka chomwecho nduna ya zakunja ya America, William Seward, inatumiza uthenga umodzi wautali ku Paris ndipo bilu yake inayandikira madola 20,000. Maboma anaphunzira kulemba mwachidule, ndipo poti makalaliki a makampani ankaona chilichonse chodutsa, anayamba kudalira mabuku osandutsa mawu kukhala manambala. Kazembe anasanduka munthu wodikira malangizo. Mu Julayi 1870 Bismarck, nduna yaikulu ya Prussia, anafupikitsa telegalamu yochokera ku Ems kuti imveke ngati mfumu ya Prussia ndi kazembe wa France anyozana, n'kuipereka kwa atolankhani. Pasanathe sabata France inalengeza nkhondo.

Nthambo zambiri za pansi pa nyanja zinali m'manja mwa Britain. M'mawa wa pa 5 Ogasiti 1914, patangopita maola ochepa Britain italowa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, sitima yake inakoka nthambo zisanu za Germany zochokera ku Emden n'kuzidula. Mabuku akale amati sitimayo inali Telconia, koma amene anafufuza m'zolemba za boma pambuyo pake anapeza kuti inali Alert, ya positi ofesi, ndipo umboni wawo ndi wolemererapo. Germany inatsala ndi wailesi ya ku Nauen, imene aliyense wokhala ndi mlongoti akanatha kuimva, komanso nthambo zopempha kwa mayiko osamenya nawo nkhondo.

Kazembe wa Germany ku Washington, Johann Heinrich von Bernstorff, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti America ikalowa nkhondo dziko lake latha. Ankagwira ntchito limodzi ndi Edward House, mnzake wapamtima wa Pulezidenti Woodrow Wilson, kufunafuna njira ya mtendere. Pofuna kuti zokambiranazo ziziyenda msanga, America inalola chinthu chachilendo: mauthenga achinsinsi a Germany azidutsa pa njira ya boma la America. Ankaperekedwa ku ofesi ya kazembe wa America ku Berlin, n'kupita ku Copenhagen, kenako London, kenako kuwoloka nyanja. Nthambozo zinkadutsa m'dziko la Britain, ndipo a Britain ankakopera mauthenga a America mwakachetechete n'kuwapereka ku Room 40, ofesi ya asilikali apamadzi yomasulira zinsinsi, imene William Reginald Hall ankayang'anira.

Pa 9 Januwale 1917 atsogoleri a Germany anagwirizana zoyambiranso kumiza sitima iliyonse yopita kwa adani awo, kuyambira pa 1 Febuluwale. Ankadziwa kuti America ikwiya. Choncho pa 16 Januwale nduna ya zakunja, Arthur Zimmermann, inatumiza uthenga wopita kwa kazembe wawo ku Mexico, Heinrich von Eckardt, kudzera kwa Bernstorff. Unkanena kuti ayesetsa kuti America isalowe nkhondo, koma zikakanika, Mexico apemphedwe kumenya nkhondo limodzi ndi Germany ndi kupangira limodzi mtendere. Mexico akanalandira ndalama zochuluka ndi chilolezo chotenganso Texas, New Mexico ndi Arizona, ndipo pulezidenti wake akanakopa Japan kuti alowe m'gwirizanowu. Uthenga wokonza chiwembu pa America unayenda pa nthambo imene America anabwereketsa pofuna mtendere.

Kuti zimene zinachitika pambuyo pake zimveke, tiyenera kuona mmene chinsinsicho chinkagwirira ntchito. Wotumiza ndi wolandira ankakhala ndi buku limodzimodzi, momwe liwu lililonse lili ndi nambala yake. Mu uthenga umene unafika ku Mexico, 67893 ankatanthauza Mexico. Liwu likasowa m'bukumo ankaliduladula, n'chifukwa chake Arizona analembedwa m'magulu anayi, AR, IZ, ON ndi A. Mabuku akale, monga lotchedwa 13040, ankasanja mawu motsatira afabeti kwambiri, moti ukazindikira mawu awiri umatha kuyerekeza amene ali pakati pawo. Buku latsopano, 0075, linali ndi magulu 10,000 osakanizidwa popanda dongosolo, ndipo wolimasulira ankafunika mulu wa mauthenga kuti apeze liwu limodzi ndi limodzi. Bernstorff anali nalo buku latsopanoli, koma Eckardt analibe. Kusiyana kwa mabuku kumeneku n'kumene kunagwetsa Germany.

M'mawa wa pa 17 Januwale, uthengawo usanafike n'komwe kwa Bernstorff, Nigel de Grey wa ku Room 40 anapita kwa Hall ndi chimasuliro chodukaduka. Nkhani zakale zimati anathandizana ndi m'busa William Montgomery, koma zimene de Grey mwiniwake analemba zimatchula Dilly Knox. Buku la 0075 ankalidziwa mbali chabe, komabe zimene zinaoneka zinali zokwana.

Hall sanathamange. Anali ndi mavuto atatu. Kupereka uthengawo kukanaulula kuti Britain amawerenga nthambo za America. Germany akanadziwa kuti buku lake latsopano lathyoledwa n'kulisintha. Ndiponso a ku America akanati ndi bodza lopeka a Britain pofuna kuwakokera kunkhondo. Anasunga uthengawo kwa masabata, mwina akuyembekeza kuti kumiza sitima kokhako kukwanira. America inathetsadi ubale ndi Germany pa 3 Febuluwale ndipo Bernstorff anauzidwa kuti anyamuke, koma Wilson sanalengeze nkhondo.

Njira inapezeka ku Mexico City. Hall anazindikira kuti Bernstorff ayenera kuti analembanso uthengawo m'buku lakale asanautumize, ndipo n'zimene anachitadi pa 19 Januwale kudzera ku Western Union, kampani ya matelegalamu ya ku America. Anthu a Britain anapeza kope lake ku ofesi ya matelegalamu ya mumzindawo. Momwe analipezera zimakambidwa mosiyanasiyana, ndipo kazembe wina wa Britain, Thomas Hohler, anadzadzitchula yekha kuti ndiye anakonza njirayo, koma zikalata sizimaliza nkhaniyi. Chodziwika n'chakuti kopelo linathetsa mavuto atatu onse. Linali m'buku la 13040, limene Room 40 inkalidziwa bwino, ndiye mipata inadzaza. Linali ndi deti ndi nambala yakeyake, ndiye linkaoneka ngati labedwa ku Mexico. Ndipo boma la America likanatha kukapeza kope lomwelo m'mafaelo a Western Union ku Washington n'kudzitsimikizira lokha.

Hall anaonetsa uthengawo kwa Edward Bell wa ku ofesi ya kazembe wa America ku London pa 19 Febuluwale. Pa 23 Arthur Balfour, nduna ya zakunja, anaupereka kwa kazembe Walter Hines Page, ndipo tsiku lotsatira unatumizidwa kwa Wilson. Pa 1 Malichi unali patsamba loyamba la manyuzipepala a ku America. Ambiri anakayikira, kuphatikizapo aphungu ena a Senate. Kukayikirako kunatha pa 3 Malichi pamene Zimmermann mwiniwake anavomera pamaso pa atolankhani kuti uthengawo ndi wake. Chifukwa chimene anavomerera chikadali chokanganirana. Ena amati ankaganiza kuti America ali ndi umboni wonse, ena amati ankafuna kuti Mexico aone kuti lonjezolo n'lenileni. Iye ankaumirira kuti sanalakwe, poti pempholo linali loti ligwire ntchito pokhapokha America italowa nkhondo.

Kodi telegalamuyi ndiyo inalowetsa America m'nkhondo? Wilson anapita ku Congress pa 2 Epulo ndipo nkhondo inalengezedwa pa 6. Pakati pa Malichi sitima za Germany zinali zitamiza zombo zamalonda za America, monga City of Memphis, Illinois ndi Vigilancia, ndipo ambiri ofufuza mbiri amati chifukwa chachikulu ndi chimenechi. Amene anawerenganso manyuzipepala a nthawiyo amanena kuti phokoso la telegalamuyi linazirala msanga kuposa mmene nkhani zakale zimakambira. Zimenezo n'zomveka. Koma pali chinthu chimodzi chimene telegalamuyi inaononga motsimikizika: Wilson anaona kuti njira imene anapereka mwachikhulupiriro yagwiritsidwa ntchito pomupangira chiwembu, ndipo panalibenso amene akanamuuza kuti Berlin ndi yokambirana nayo. Ku Mexico, mtsogoleri wa dzikolo, Venustiano Carranza, anaona kuti Germany alibe njira yofikitsira zida kapena ndalama, ndipo anakana.

Bernstorff anachenjeza Berlin mobwerezabwereza za kumiza sitima, koma sanamvedwe. Uthenga umene unafafaniza ntchito yake ya zaka ziwiri ndi theka unadutsa patebulo lake lomwe, iye ali wongoupititsa. A ku Berlin atafufuza, sanavomere kuti mabuku awo athyoledwa. Anasakasaka munthu wosasamala kapena wakuba ku Washington ndi ku Mexico, ndipo chikayikiro china chinagwera iye. Hall anasangalala nazo, chifukwa Room 40 inapitiriza kuwerenga. Bernstorff anadzagwira ntchito yolimbikitsa League of Nations, bungwe la mayiko loteteza mtendere, anachoka ku Germany chipani cha Nazi chitayamba kulamula, ndipo anamwalira ku Geneva mu 1939.

Zaka zotsatira maboma anathamangira makina obisa mawu, ndipo pangano la ku Vienna la 1961 linalemba kuti mauthenga ndi chikwama cha kazembe n'zosakhudzidwa. Vuto la liwiro linatsalabe. Pa mkangano wa mizinga ya ku Cuba mu Okutobala 1962, kalata ya Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet Union, yopita kwa pulezidenti wa America inatenga pafupifupi maola 12 kuti ifike ndi kumasuliridwa, ndipo kazembe wa Soviet Union, Anatoly Dobrynin, anadzafotokoza kuti matelegalamu ake ankatengedwa ndi mnyamata wa Western Union wapanjinga. Njira yachindunji ya Washington ndi Moscow inatsegulidwa pa 30 Ogasiti 1963. Sinali foni. Anasankha makina otayipa kuti atsogoleri alembe moganizira, ndipo kiyi wa chinsinsi anali tepi yogwiritsidwa ntchito kamodzi kokha. Nthambo yake inkadutsa London, Copenhagen, Stockholm ndi Helsinki, koma wokopera panjira sakanapindula kanthu.

Makompyuta anasamutsira ngoziyo m'nyumba. Mu Novembala 2010 WikiLeaks, gulu loulula zikalata zachinsinsi pa intaneti, inayamba kutulutsa mauthenga a akazembe a America oposa 250,000, amene msilikali mmodzi anakopera pa netiweki yofikiridwa ndi anthu miyandamiyanda. Panalibe chinsinsi chothyoledwa. Kazembe wa America ku Mexico anatula pansi udindo, wa ku Ecuador anathamangitsidwa.

Malawi anaziona pafupi mu Epulo 2011, ngakhale kuti uthengawo sunachokere ku WikiLeaks. Lipoti lamkati la kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, lopita ku London linatuluka m'nyuzipepala ya Weekend Nation, likunena kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika akunka nalamula mwankhanza ndipo safuna kudzudzulidwa. Kulembera kwawo zimene akuona ndi ntchito imene kazembe amatumidwira, ndipo wa Malawi ku London amayembekezeka kuchita chimodzimodzi. Boma linamuthamangitsa, Britain inabwezera pothamangitsa Flossie Gomile-Chidyaonga, amene ankayimira Malawi kumeneko, ndipo mu Julayi inaimitsa thandizo la bajeti, ikutchula kayendetsedwe ka chuma ndi ulamuliro. Kazembe watsopano wa Britain anadzabwera ku Lilongwe mu 2012, Joyce Banda atalowa m'boma.