Bishopu wa Shirov ndi maso a kompyuta

Stockfish, pulogalamu ya pa kompyuta yosewera chess, imagonjetsa katswiri aliyense wa masewerowa padziko lapansi, koma pali mafunso ena a pa bolodi amene amaizunguza mutu. Opanga mapulogalamuwa amasunga mafunso otere kuti aziyesera pulogalamu iliyonse yatsopano. Mulu umene anasonkhanitsa Ivan Bratko ndi Danny Kopec mu 1982 uli ndi mafunso 24, pamene wa Pierre Nolot wa mu 1994 uli ndi 11 okha, koma ouma kwambiri.

Funso lina lodziwika kwambiri linachokera ku mpikisano wa ku Linares, ku Spain, mu 1998, Veselin Topalov akusewera ndi Alexei Shirov. Aliyense anatsala ndi mfumu, bishopu mmodzi ndi asilikali (ma pawn), Shirov anayi, Topalov awiri. Poti mabishopuwo ankayenda pa mabokosi a mitundu yosiyana, masewero otere nthawi zambiri amatha popanda wopambana. Pa ulendo wa 47 Shirov anaika bishopu wake pa bokosi lotchedwa h3, pakamwa penipeni pa msilikali wa pa g2, osadya kanthu. Cholinga chinali kutsegulira mfumu yake njira ya pa f5 ndi e4 mwamsanga, Topalov akutaya nthawi ndi kudya bishopuyo. Pofika pa 53 Topalov anagonja.

Kwa zaka zambiri mapulogalamu ankachedwa kuiona njira imeneyi, ndipo chifukwa chake ndi chomwecho chimene chimawapatsa mphamvu. Kompyuta siwerenga njira zonse. Pa ulendo uliwonse pamakhala zosankha pafupifupi 35, choncho kuti ione patali imasadza nthambi zooneka zopanda nzeru, n'kutsatira zotsalazo mozama. Kupereka bishopu kwaulere ndi nthambi yoyamba kusadzidwa, chifukwa phindu lake limaoneka patali kwambiri.

Chondidetsa nkhawa ine ndi nambala imene pulogalamu imalemba posonyeza amene ali patsogolo, yomwe osewera amaikhulupirira ngati chigamulo cha khoti. Pulogalamu ikalemba +3 ikungoyerekeza kuti wa zidutswa zoyera ali patsogolo, mwa kawerengedwe kakale, ndi mtengo wa asilikali ngati atatu. Wotsalirayo akamanga linga losaboweka, nambalayo imatha kukhala pomwepo maola ambiri. Mukaona kuti siikukwera ngakhale kompyuta ikuzama, kayikirani.

Kuyambira mu 2020, Stockfish itayamba kuweruza bolodi ndi NNUE, njira imene kompyuta imaphunzira kuchokera ku zitsanzo zambirimbiri, mafunso ambiri akale inayamba kuwayankha msanga. Koma yankho lotsimikizika limapezeka makamaka pa bolodi patatsala zidutswa 7 kapena zocheperapo, chifukwa pamenepo njira zonse zinawerengedwa kale n'kusungidwa.