High Noon: masabata a mu Sepitembala 1951 omwe anadanitsa Foreman ndi Kramer

Mu Julayi 2027 filimu ya High Noon ikwanitsa zaka 75 chitulukireni, ndipo dzina lake likangotchulidwa, funso lakale silichedwa kubuka: kodi mwini wake weniweni ndani? Ena amati ndi Stanley Kramer, mwini kampani yomwe inaipanga. Ena amaloza Fred Zinnemann, yemwe anatsogolera kujambula. Elmo Williams, mmodzi mwa awiri omwe anadula ndi kulumikiza zithunzi zake, ankanena mpaka ukalamba wake kuti anaipulumutsa ndi iyeyo. Koma Carl Foreman, yemwe analemba nkhaniyo, pomwe filimuyi inkaonetsedwa koyamba ku New York n'kuti ali kale ku London, zitseko zonse za Hollywood zitamutsekekera.

Nkhani yake ndi yosavuta kuifotokoza. Will Kane, mkulu wa chitetezo m'tauni ya Hadleyville, wangomanga kumene ukwati Lamulungu m'mawa ndipo watula pansi udindo. Kenaka kukubwera uthenga woti Frank Miller, wakupha yemwe Kane anamumangitsa, wakhululukidwa ndipo afika pa sitima ya 12 koloko masana. Anzake atatu akumudikirira kale pa siteshoni. Kane akuyenda khomo ndi khomo kupempha amuna oti aime naye. Woweruza milandu akulongedza katundu, wachiwiri wa Kane wanyanyala, mnzake wina wabisala kuchipinda n'kutuma mkazi kuti akaname kuti wachoka. Kuwomberana kumabwera kumapeto kwenikweni. Mbali yaikulu ya mphindi 85 za filimuyi ndi ya munthu wamantha yemwe aliyense akumukana.

Mantha otere sanali achilendo m'mafilimu a nthawi imeneyo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Hollywood inatulutsa mafilimu ambiri a umbanda odzaza mithunzi ndi anthu osautsika mumtima, omwe olemba a ku France anawatcha noir. Mu 1947 filimu ya Pursued, yotsogoleredwa ndi Raoul Walsh, momwe muli Robert Mitchum, inalowetsa mdima umenewu m'nkhani za makawuboyi. High Noon inatenga nkhawa yomweyo koma n'kuiika padzuwa lamasana, popanda mthunzi wobisalamo.

Kuti zimenezi zitheke, wojambula Floyd Crosby anachita zosemphana ndi zomwe anzake ankachita. Filimu yojambulira zithunzi zakuda ndi zoyera imamva kwambiri kuwala kwa buluu, motero thambo limatuluka loyera mbee. Ojambula mafilimu a makawuboyi ankathana nalo vutoli poika galasi lachikasu, la olenji kapena lofiira kutsogolo kwa lenzi. Galasilo limatsekereza buluu, thambo limada, mitambo n'kuoneka yotuwa bwino ngati thonje. Crosby ndi Zinnemann anakana galasilo. Ankafuna kuti zithunzi zifanane ndi mafilimu a nkhani zochitikadi komanso zithunzi zomwe Mathew Brady ndi anzake anajambula pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Anakananso kusalaza nkhope ya Gary Cooper, wosewera ngati Kane, yemwe anali ndi zaka 50, akudwala zilonda za m'mimba komanso msana. Kuipa kwa njira imeneyi n'kwakuti thambo, fumbi ndi makoma zimasakanikirana, munthu n'kusowa pachithunzi. N'chifukwa chake chipewa, wesikoti ndi thalauza zakuda za Kane zili zofunika: diso limamupeza nthawi yomweyo, ali yekhayekha pamsewu woyera. Zinnemann anafotokoza pambuyo pake kuti akuluakulu omwe ankaona zojambulidwa tsiku ndi tsiku ankadandaula kuti zithunzizo n'zosakongola, koma Crosby sanasinthe.

Ndalama zinali zochepa, zosafika madola 800,000. Gawo lina linachokera kwa Bruce Church, mlimi wa letesi wa ku Salinas, lina linali ngongole ya kubanki. Zinnemann ankati anajambula masiku 28, ena amawerenga 32. Misewu ya tauniyo inali pamalo ojambulira a kampani yaikulu ya mafilimu ya Columbia ku Burbank, sitimayo inali ya njanji ya Sierra kumpoto kwa California.

Chomwe chinatembenuza zonse chinachitika kunja kwa kamera. Foreman, mwana wa banja lachiyuda la ku Chicago, analowa chipani cha Chikomyunizimu ali mnyamata ndipo anadzachisiya. Ali mkati molemba High Noon analandira chisamani chomuitana kukaonekera ku komiti ya Nyumba ya Malamulo ya ku America yofufuza anthu oganiziridwa kuti ndi oukira dziko, yodziwika ndi dzina loti HUAC. Kujambula kunayamba kumayambiriro kwa Sepitembala 1951. Pa 19 mwezi womwewo, mlembi mnzake Martin Berkeley anapereka ku komitiyo maina oposa 150, la Foreman lili momwemo. Pa 24 Sepitembala Foreman anakhala pampando wa mboni ku Los Angeles.

Msampha wa komitiyi unali wotchera mwaluso, ndipo wosaumvetsa sangamvetse mkanganowu. Anthu khumi omwe anakana kuyankha mu 1947 potsamira ufulu wolankhula anakalowa m'ndende mu 1950, ena kwa chaka chathunthu. Omwe anabwera pambuyo anatsamira gawo lachisanu la zosintha za malamulo a dziko, lomwe limalola munthu kukana kudzinenera yekha mlandu. Koma makhoti anagamula kuti ukangovomera kuti unali membala, wataya chitetezo chimenecho, ndipo ukakana kutchula anzako ukhala wanyoza Nyumba ya Malamulo. Ukakhala chete osayankha kalikonse, ndende waizemba, koma makampani a mafilimu, omwe anagwirizana mu Novembala 1947 ku hotela ya Waldorf-Astoria kuti sadzalemba ntchito achikomyunizimu, sakutenganso. Njira yokhayo yosungira ntchito inali kupereka maina. Foreman anauza komitiyo kuti panthawiyo sanali membala, anakana kuyankha za zaka zam'mbuyo, ndipo sanatchule munthu ndi mmodzi yemwe.

Mbali ya Kramer iyenera kuyezedwa mwachilungamo. Chaka chomwecho anali atasaina mgwirizano ndi Columbia wopanga mafilimu 30 m'zaka zisanu, mwayi womwe kampani yaing'ono ngati yake sikanaupezanso. Kukhala ndi mnzake wokana kugwirizana ndi komiti kukanagwetsa zonsezo, pamodzi ndi ntchito za anthu ambiri. Foreman asanakaonekere n'komwe, Kramer ndi anzake anayesa kumuchotsa pa filimuyi. Zinnemann, Cooper ndi Church anakana. Panalinso kanthu kena kakang'ono: Foreman anali asanasaine chikalata chovomera kuti gawo la malipiro ake alandire mochedwa, ndipo ngongole ya kubanki inkadalira zikalata zoterezi. Anamubwezera pantchito, osati chifukwa chomukonda. Atangopereka umboni wake, Kramer ndi anzake anamugula masheya omwe anali nawo mu kampaniyo n'kusiyana naye. Ndalama zomwe analandira zimatchulidwa mosiyana, kuyambira madola 150,000 mpaka 250,000, malinga ndi yemwe akufotokoza. Dzina lake monga mlembi linatsala, koma monga wothandizira kuyendetsa ntchito yonse ya filimuyi linafufutidwa.

Cooper, yemwe mu 1947 anakaonekera ku komiti yomweyo ngati mboni yogwirizana nayo, anachita zomwe ambiri sanayembekezere: anavomera kuika ndalama mu kampani yatsopano ya Foreman. Mtolankhani Hedda Hopper ndi gulu lolimbana ndi Chikomyunizimu lomwe katswiri wosewera mafilimu John Wayne ankatsogolera anamupanikiza, ndipo patangopita masiku ochepa anabwerera m'mbuyo. Foreman sanamusungire mangawa.

Apa ndi pomwe mboni zimasiyanirana. Foreman ankanena kuti mawu ambiri a anthu a ku Hadleyville anawamva ndi makutu ake, ndipo kuti chigawo cha m'tchalitchi chinachokera m'misonkhano yomwe ankakhala ndi anzake a bizinesi ndi maloya. M'chigawo chimenecho meya amayamba ndi kuyamikira Kane kuti ndi munthu wabwino koposa, kenaka n'kumupempha kuti achoke, poti kuwomberana kungathamangitse anthu ofuna kudzaika chuma m'tauniyo. Palibe yemwe akumuda, aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Zinnemann, yemwe makolo ake anaphedwa ndi chipani cha Nazi, ankati iye sankajambula za Hollywood koma za munthu ndi chikumbumtima chake. Onse awiri akhoza kukhala akunena zoona, popeza wina analemba, wina anajambula. Kramer anadzanena kuti anasiyana ndi Foreman chifukwa ankamuopseza kuti akamutchula monama ku komiti. Mawu amenewa ndi a Kramer yekha, ndipo zomwe zinalembedwa pa tsiku la umboni zikuonetsa kuti Foreman sanatchule aliyense. Kumbali inayo, umboni waukulu wa Foreman ndi kalata yaitali yomwe analembera Bosley Crowther wa nyuzipepala ya New York Times mu 1952, bala likadali laliwisi, ndipo kalata ya munthu wopwetekedwa siyenera kumezedwa yonse. Lionel Chetwynd anaitsamira kwambiri mu filimu yake yofotokoza mbiriyi ya mu 2002, Kramer atamwalira chaka chapitacho, ndipo mkazi wa Kramer, Karen, anaitsutsa kwamphamvu. Buku la Glenn Frankel la mu 2017 ndi lomwe linayesa kumva mbali zonse.

Zonena za Williams n'zosavuta kuyeza. N'zoona kuti podula anachotsamo kankhani ka wapolisi wina yemwe anachedwa panjira, ndipo filimu inalimba. Koma zoti mawotchi ooneka pafupipafupi anawaganiza ndi iye, Zinnemann anatsutsa, ndipo nthawi zake zinalembedwa kale m'zolemba za Foreman. Wotchi sungaiike podula ngati sinajambulidwe ikuloza nthawi yoyenera.

Zotsatira zake n'zodziwika. Mu Malichi 1953 filimuyi inapata mphoto zinayi za Oscar: ya Cooper, ya odula zithunzi, ndi ziwiri za nyimbo za Dimitri Tiomkin. Ya filimu yopambana zonse inapita kwa Cecil B. DeMille. Cooper kunalibe, ndipo yemwe anamulandirira mphotoyo anali John Wayne. Mu 1959 Wayne ndi Howard Hawks anapanga filimu ya Rio Bravo ngati yankho kwa High Noon, ndipo mu 1971 Wayne anauza magazini ya Playboy kuti sadzanong'oneza bondo kuti anathandiza kuthamangitsa Foreman m'dziko. Ananenanso kuti Kane amaponda baji yake, pomwe mufilimumo amangoiponya pafumbi. Crosby nayenso makampani akuluakulu anamusala, n'kukathera kujambula mafilimu otchipa a Roger Corman.

Kramer analemba ntchito Nedrick Young, mlembi woletsedwa, pa filimu ya The Defiant Ones ya mu 1958, ndipo zimenezo n'zoyenera kumuwerengera. Foreman ku Britain analemba nawo The Bridge on the River Kwai pamodzi ndi Michael Wilson, maina awo osaoneka, Oscar n'kupita kwa Pierre Boulle, Mfalansa yemwe analemba buku lokha. Foreman anamwalira mu Juni 1984, ndipo mphoto ya filimu imeneyo inaperekedwa kwa mkazi wake mu 1985.